Matimati a m'ndowa akuchedwa kupsa

Funso: Zikomo alangizi. Ndimakhala pa Dedza boma m'nyumba ya lendi yopanda malo olima, choncho m'mwezi wa Meyi ndinawokera matimati m'ndowa zisanu. Masamba ali biriwiri, koma maluwa akungoyoyoka ndipo zipatso zochepa zomwe zagwira sizikufiira, ngakhale kuti ndathira feteleza wa urea kawiri. Ndichite chiyani kuti ndiyambe kuthyola msanga? Ndine mayi wa ku Dedza.

Yankho: Mayi, chimene chikuchedwetsa matimati anu ndi chisanu. Matimati amapsa bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 20 ndi 25, ndipo usiku kukazizira mpaka kufika cha pa madigiri 10, monga kumachitira kwanuko mu Juni ndi Julayi, mungu sugwira bwino ntchito, n'chifukwa chake maluwa akuyoyoka.

Mwayi wanu ndi woti ndowa imanyamulika, pomwe mlimi wa padimba ku Lizulu sangasunthe mbewu zake. Ikani ndowazo m'tsinde mwa khoma loyang'ana kumpoto, popeza m'miyezi yachisanuyi dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo njerwa zikaothera dzuwa tsiku lonse zimatulutsa kutenthako pang'onopang'ono usiku, kwinaku khomalo likutchinga mphepo ya mwera. Pakhale powala dzuwa maola osachepera 6. Kukamada, zilowetseni pakhonde kapena ziphimbeni ndi matumba, ndipo m'mawa muzivundukule dzuwa likangotuluka. Chakumasana gwedezaniko pang'ono mitengoyo kuti mungu ugwere m'maluwa.

Urea uja ndikupempheni kuti mumusiye, chifukwa amangochulukitsa masamba n'kuchedwetsa zipatso. Ndimamva chisoni kuona anthu akuwononga ndalama pa feteleza yemwe akuwabwezera m'mbuyo. Muzibudulanso ndi zala mphukira zotuluka pakati pa thunthu ndi tsamba zikadali zazing'ono, ndipo muzithirira mosadumphitsa, pakuti dothi la m'ndowa likauma kwambiri kenako n'kulithira madzi ambiri, zipatso zimang'aluka kapena kuwola kunsi.

Chipatso chikangoyamba kuchita kachikasu kunsi kwake, musadikire kuti chifiirire pamtengo. Chithyoleni, muchiike m'katoni pamodzi ndi nthochi yakupsa m'chipinda chofunda, pakuti mpweya wotuluka mu nthochiyo umafulumizitsa kupsa. Ulendo wina mudzayeseko mapwetekere, omwe amapsa msanga kuposa matimati akuluakulu, ndipo mtengo uliwonse ukhale m'ndowa yakeyake ya malita 20 yoboola kunsi.