Mtunda ndi nthawi ya ndege kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Johannesburg

Mayi, mwafunsa chifukwa chimene matikiti awiri a ulendo umodzi, wochokera pa bwalo la ndege la Kamuzu kupita ku bwalo la OR Tambo ku Johannesburg komwe mwana wanu adzakuchingamireni, akusonyezera nthawi zosiyana, ina maola awiri ndi theka pomwe ina ikuyandikira maola anayi, ndiponso ngati nthawi ya kumeneko imasiyana ndi yakuno.

Za wotchi musade nkhawa. Malawi ndi South Africa ali pa nthawi imodzi, choncho kusiyanako sikukuchokera pamenepo.

Mtunda wa mumlengalenga pakati pa mabwalo awiriwa ndi makilomita pafupifupi 1,490. Ndege ngati Boeing 737 ikakwera n'kukhazikika imathamanga makilomita pafupifupi 800 pa ola, ndiye wowerengera masamu okha angati ulendowu sukwana n'komwe maola awiri. Koma nthawi yolembedwa pa tikiti imayambira pomwe ndege yachoka poimika, osati pomwe yauluka, ndipo imaphatikiza kuyenda pansi, kukwera, kutsika pang'onopang'ono ndi kudikira mpata wotera pa bwalo lotanganidwa ngati la OR Tambo. Maola awiri ndi theka aja amakwanira motero.

Tikiti ya maola anayi ija ndikukhulupirira kuti ndi ya ndege yoyamba yatera ku Chileka, monga amachitira maulendo ena a Malawi Airlines. Yang'anani ngati palembedwa BLZ, chomwe ndi chizindikiro cha Blantyre. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Chileka ndi makilomita pafupifupi 250 okha, ulendo wosakwana ola, koma ndege imaima pamenepo kuti ena atsike ena akwere, kenako n'kuuluka makilomita ena pafupifupi 1,350 kukafika ku Johannesburg. Mtunda wowonjezereka ndi wochepa. Chimene chimadya nthawi ndi kutera ndi kunyamukanso. Ine sindiona vuto ndi njira imeneyi ngati mtengo wake uli wotsika. Imene ndingakuletseni, makamaka poti ndinu wamkulu, ndi yodzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, chifukwa imayamba yakutengerani kumpoto, kutali ndi komwe mukupita, ndipo tsiku lonse limathera m'njira.

Palinso nthawi yomwe pa tikiti sipalembedwa. Bwalo la Kamuzu lili ku Lumbadzi, makilomita pafupifupi 25 kuchokera mumzinda, ndipo pa ulendo wakunja n'kwanzeru kufikapo kutatsala maola atatu. Ku OR Tambo nako mzere wodinditsa pasipoti umatalika ndege zikatera zingapo nthawi imodzi. M'nyengo ya dzinja, mvula ya mabingu yogwa madzulo ku Johannesburg imachedwetsa ndege kutera, choncho ngati mungathe sankhani yam'mawa. Mwana wanuyo mumupatse nambala ya ndege kuti aziitsatira pa foni, ndipo mumuuze kuti mudzatulukira pakhomo patapita pafupifupi ola chiterereni.