Kabokosi ka pamphumi si chithumwa

FUNSO: Akonzi, ndinaona pa kanema bambo wina wachiyuda akupemphera atadzikulunga lamba wakuda kumkono, pamphumi atamangirirapo kabokosi. Anzanga ena akuti n'chithumwa. Kodi n'zoona? Nanga amachita zimenezi tsiku lililonse? Mayi E. M.

YANKHO: Mayi, anzanuwo aphonya. Zomwe munaonazo amazitcha tefillin, ndipo mulibe mankhwala. Ndi timabokosi tiwiri tachikopa, mkati mwake muli mavesi a m'buku la Eksodo ndi Deuteronomo, olembedwa pamanja ndi mlembi wodziwa ntchito yake. Kamodzi amakamanga pamkono umene sagwiritsa ntchito kwambiri, kwa ambiri wamanzere, kuti kayang'anizane ndi mtima. Kenako lamba uja amamuzunguliza ka 7 kutsikira kudzanja. Kachiwiri kamakhala pamwamba pa mphumi, pomwe tsitsi limayambira. Gwero lake ndi Deuteronomo 6:8, pomwe akuti mawu a Mulungu amangidwe padzanja ndi pakati pa maso. Ena amawerenga vesili ngati fanizo chabe, koma Ayuda osunga mwambo amamangadi.

Aphunzitsi awo akale anapeza malamulo 613 mu Torah, mabuku asanu oyambirira a Baibulo. Mwa amenewa 365 ndi oletsa, 248 ndi olamula kuchita chinthu. Maimonides, mphunzitsi wotchuka wachiyuda yemwe anamwalira ku Egypt mu 1204, anawandandalika onse limodzi ndi limodzi. Musaganize kuti munthu amachita onse 248 tsiku limodzi ayi. Ambiri ndi a nsembe ndi ntchito za ansembe, ndipo anaima Aroma atagwetsa Kachisi wa ku Jerusalem m'chaka cha 70. Otsalawo ndiwo amayenda ndi munthu kuyambira podzuka.

M'mawa ndi madzulo amanena Shema, mawu a pa Deuteronomo 6:4 ovomereza kuti Mulungu ndi mmodzi, ataphimba maso ndi dzanja lamanja. Mkati mwa malaya, mwamuna amavala kansalu ka ngodya 4, ngodya iliyonse ili ndi mphonje zotchedwa tzitzit, monga akulamulira Numeri 15:38. Pamphuthu ya chitseko, mbali yakumanja polowa, amakhomapo mezuzah, kachikwama kokhala ndi mavesi. Ambiri amakakhudza ndi zala podutsa, ngakhale kukhudzako ndi chizolowezi chabe, lamulo ndi kukhoma. Kuphunzira Torah ndi kuthandiza osowa nazonso ndi malamulo, si zochita munthu akafuna.

Koma ine lomwe limandigwira mtima ndi la chakudya. Deuteronomo 8:10 akuti munthu adye, akhute, kenako atamande Mulungu. Choncho pemphero lalitali limabwera mbale zitayera, makamaka ngati panali buledi. Kadalitso kakafupi asanadye kaliko, koma anakakhazikitsa ndi aphunzitsi pambuyo pake. Ndimaona kuti lamuloli linamudziwa munthu bwino, chifukwa wanjala sachedwa kupemphera, wovuta kumukumbutsa ndi wokhuta.

Pa funso lanu lachiwiri, tefillin amavala pa mapemphero a m'mawa masiku wamba, osati pa Sabata kapena pa zikondwerero zazikulu. Mnyamata udindowu umamugwera akakwana zaka 13. Kwa Ayuda a Orthodox, omwe amasunga mwambo wakale mosamalitsa, akazi sakakamizidwa pa malamulo ambiri oyendera nthawi ngati limeneli, pomwe m'magulu a Conservative ndi Reform, omwe amalola kusintha zina za mwambo, alipo akazi amene amavala. Aliponso Ayuda ambirimbiri amene savala n'komwe.