Gusheshe ya abwana anuyo musathamangire kuipopera penti

Achimwene, mwati abwana anu ku Randburg akufuna akugulitseni BMW 325iS ya 1991, ija anthu kuno amati Gusheshe, yomwe yangokhala mu galaja zaka zambiri, penti inazilala, mipando yatha pang'ono, nde mukufunsa ngati kuikonza yonse iwale ngati yatsopano kungakweze mtengo kuposa kuigulitsa mmene ililimo. Ine ntchito yanga ndi yowongola komanso kupopera magalimoto konkuno ku Joni, nde apa ndikudzithawitsira ndekha kasitomala, koma ayi, musaikhudze kaye.

Muyambe mwatsimikiza kuti ndi iS yeniyeni. Galimoto imeneyi inkapangidwa ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria, ya msika wa South Africa wokha, injini yake 2.7, ndipo anapanga pafupifupi 500 basi mu 1990 ndi 1991 mpakana kumayambiriro a 1992. Koma mukayenda mu Soweto Lamulungu ma Gusheshe mukumana nawo ambirimbiri, ambiri mwa iwo ndi ma 325i wamba ovekedwa mabampa ndi chikwangwani cha iS kumbuyo. Onani VIN (nambala ya chesisi), onani nambala ya injini ngati ikugwirizana ndi ya pamapepala, anthu a zimenezi amati matching numbers. Injini yobadwa nayo ikakhala kuti inasinthidwa mtengo umagwa pompo, olo yatsopanoyo ikhale yamphamvu bwanji. Komanso muone ngati siili pa Code 3, kutanthauza galimoto yomwe inaonongekeratu nkuchita kumangidwanso, chifukwa ogula enieni akangoona zimenezo amabwerera pageti.

Tsopano nkhani ya penti. Ife kumudzi tinazolowera kuti chinthu chowala ndiye chodula, nyumba ukafuna kugulitsa umayamba waipaka laimu. Kwa anthu osunga magalimoto akale zimayenda mwina. Penti ya ku fakitale imapopedwa kamodzi kokha, ndikaichotsa ine ndi sandipepa palibenso ndalama yomwe ingaibwezeretse. Ndipo penti yakaleyo ndi mboni, wogula amabwera ndi kamakina koyezera kukhuthala kwa penti nkuyenda nako galimoto yonse, akapeza kuti paliponse mpofanana amadziwa kuti galimotoyi sinagundidwepo. Ikakhala yopopera kumene amayamba kukayikira kuti kodi pansipa abisapo chani, dzimbiri kapena body filler, phala lomatira pobonyoka lija lomwe maginito sagwirapo. Paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndipo ine nyererezo ndaziona ndi maso, galimoto yowala ngati galasi koma ukaika maginito pa chitseko amangogwa.

Kunja zimenezi zinafika patali. Mu 2015 ku Paris anagulitsa pa okishoni Ferrari 250 GT California Spider ya 1961 yomwe anaipeza mu shedi ku France itakwiriridwa ndi milu ya magazini akale, yafumbi, yosakonza, inapita pa ma euro opitirira 16 miliyoni. Mu 2024 ku Pebble Beach ku America, chionetsero chomwe kwa zaka zonsezi ankawina ndi magalimoto okonzedwa mpaka bawuti iliyonse, mphoto yaikulu inapita kwa Bugatti Type 59 ya 1934 yosakonzedwa, ndi zipsera zake zomwe, koyamba zimenezo. Gusheshe si Ferrari, shuwa, koma amene akugula magalimoto athu akuno osowa ngati BMW 333i, Opel Kadett Superboss, Sierra XR8 kapena Capri Perana ya Basil Green akuganiza chimodzimodzi. 333i anapanga 200 ndi pang'ono chabe ndipo yadutsapo kale miliyoni ya ma rand pa okishoni.

Sindikunena kuti galimoto yokonzedwa ilibe mtengo ayi. Yokonzedwa bwino, ndi masipeya enieni, mtundu wa penti womwe inatuluka nawo, zithunzi ndi malisiti a ntchito yonse, imagulidwa bho, ndipo imaposa yoyambirira yomwe yawola pansi. Ngati dzimbiri ladya fulo palibe kuchitira mwina, iyenera kukonzedwa. Vuto ndi masamu ake. Ntchito yoona timaphwasula galimoto yonse mpakana chitsulo chokha, miyezi yambiri, masipeya ena kuitanitsa ku Germany, nde nthawi zambiri ndalama yomwe walowetsa siibwera yonse pogulitsa. Yomwe imapha mtengo kwambiri ndi yapakatikati ija, penti ya changu ya sabata imodzi, marimu akuluakulu, kuboola mazitseko kuika masipika, mipando kuvekedwa chikopa chofiira. Ine ndinapangapo zimenezi ndili watsopano pa ntchito, kasitomala anabwera ndi Alfa Romeo GTV6 yofiira yongozilala, anati ikhale yakuda, ndinaipopera ndikunyada. Atapita kukagulitsa mkulu wina anangotsegula boneti nkuona zofiira mmakona, anadula mtengo moti kasitomala uja mpaka lero sandiyankha moni.

Mwayi wanu ngwakuti galimoto yokhala kuno kumtunda siichita dzimbiri ngati za ku Durban kapena Cape Town komwe mphepo ya nyanja imadya chitsulo. Komabe suzumirani pansi pa kapeti, mu buti pomwe pamakhala tayala la sipeya, ndi malo a batire.

Nde mukaitenga muitsuke ndi manja, mupeze munthu wodziwa kupolisha, penti yozilala nthawi zambiri imadzuka. Musailize injini musanasinthe oilo, petulo wakaleyo ndi timing belt, injini imeneyi lamba akaduka mavavu amapindika. Mabuleki ndi matayala sinthani, zimenezo palibe amadandaula, koma chilichonse chomwe mwachotsa musunge mu katoni. Abwanawo muwapemphe service book, malisiti akale, makiyi onse, ngakhale zithunzi zawo ali nayo kalekale. Kenako muzaponye pano zithunzi za pansi pa galimoto ndi mu injini tione, Loweruka masana ndimakhala ndilibe ntchito ndikhoza kubwera ndi maginito anga.