Wofufuza mlandu asakhale Kalulu

Achimwene, mwafunsa kuti m'nthano ya ana yomwe mukulemba, ya mkungudza wobedwa usiku m'phiri la Mulanje, wofufuza mlandu akhale nyama iti, ndipo mtima wanu uli pa Kalulu. Ine Kalulu ndikumukana. M'nthano zathu zambiri wakuba amakhala iye mwini. Si uja anakana kukumba nawo chitsime koma n'kumakaba madzi? Muikeni pakati pa oganiziridwa, ana azimuloza chala mpaka kumapeto, pomwe ulendo uno alibe mlandu.

Ntchitoyo mupatseni Nanzikambe. Maso ake amayenda lililonse palokha, ndiye akhoza kumapanikiza Fisi ndi mafunso, diso linalo lili pa utuchi womwe wakakamira pa ubweya wa Nyani. Amayenda monyang'wa, anzake osamuwerengera n'komwe, ndipo m'nkhalango za phirilo muli mtundu wa nanzikambe wosapezeka kwina kulikonse padziko. Koma musamupatse mphuno ya galu. Nyama iliyonse igwiritse ntchito chomwe inabadwa nacho: fungo la mkungudza, lija silichedwa kudziwika, alinunkhize Galu womuthandiza, ndipo zomveka usiku azinene Kadzidzi.

Zizindikiro mwana azizione limodzi ndi wofufuzayo. Ngati wakuba adzagwidwe chifukwa cha dothi lofiira la m'minda ya tiyi lomwe lili kumapazi kwake, dothilo litchulidwe kale koyambirira, mongodutsa. Mizimu ya pa Sapitwa, nsonga yayitali kwambiri ya phiri la Mulanje, ikhoza kuopseza mboni kuti zisalankhule, koma isakhale yoti ndiyo iulule wakubayo.