Za ID pokavota: yankho kwa achimwene omwe afunsa

Achimwene, mwafunsa ngati nkoyenera kumukaniza munthu kuvota chifukwa alibe ID ya chithunzi. Ine ID sindikuikana ayi, koma nkhawa yanga ili pa mmene munthu amaipezera.

Kale polembetsa mkaundula wa zisankho umatha kupita ndi pasipoti, laisensi kapena kalata ya amfumu basi, nde anthu ankadandaula kuti ana osafika zaka 18 akulowetsedwa, enanso amati anthu akuchoka ku Mozambique ndi ku Zambia kudzalembetsa mmaboma a mmalire ngati Dedza ndi Mchinji. Chitupa cha unzika chinabwera mu 2017, ndipo lamulo la zisankho la 2023 linanena kuti polembetsa ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC umboni ndi chitupa chomwecho. Pamenepo palibe cholakwika, nkhope ili pakhadi, munthu mmodzi nambala imodzi. Komanso tisamanamizane kuti ID imathetsa zonse, chisankho cha 2019 chomwe khoti linachifafaniza mu 2020 nkhani yake inali tipeksi pamapepala a zotsatira, osati anthu ovota ndi dzina la mnzawo.

Chomwe chimandiwawa ndi ichi. Agogo anga amakhala mkati mwa ku Mitundu, chitupa chawo chinapita ndi mvula nyumba itagwa khoma. Kuti apeze china mpaka kabaza kukafika pamsewu, minibasi kubwera mtauni muno, munthu wowaperekeza nayenso thiransipoti yake, chakudya cha panjira, kenako ulendo wina wodzatenga khadiyo ikatuluka, zonsezi kwa mayi woti ndalama amaiona akagulitsa mtedza kamodzi pachaka. Ife a ku Area 25 kapena Kawale timangoti "apite akapangitse" ngati ndi pafupi. Mayi ameneyu anavota pa referendamu ya 1993 atayenda wapansi, lero tiziti si Mmalawi chifukwa cha kakhadi ka pulasitiki?

Ku England anayamba kufuna ID ya chithunzi mu 2023, koma yemwe alibe amamupatsa chiphaso chovotera chaulere. Ifenso ngati lamulo likuti ID basi, boma lizipita lokha mmidzi, pasukulu, patchalitchi, pabwalo la amfumu, chaka chilichonse osati zisankho zikayandikira, ndipo nkhalamba ndi anthu aulumali chikatayika azipatsidwa china osalipira. Agogo anga ndawalonjeza kuti mwezi ukatha ndikawatenga ndekha.