Mphindi 7 zofotokoza Cahora Bassa: yankho kwa wophunzira wa ku Ulongué

Sabata ino ndalandira imelo yochokera kwa mnyamata wa kalasi ya 11 ku Ulongué, m'boma la Angónia. Akuti: "Achimwene, aphunzitsi atiuza kuti aliyense adzaime kutsogolo n'kufotokoza nkhani kwa mphindi 7 m'Chipwitikizi. Ine andipatsa Cahora Bassa. Ndakopera masamba 9 pa intaneti ndipo ndayamba kuloweza, koma ndikafika pakati zonse zimandithawa. Nditani?"

Mng'ono wanga, kulowezako usiye lero lomwe. Mutu wako ulibe vuto. Munthu wolankhula modekha amatulutsa mawu pafupifupi 120 kapena 130 pa mphindi, ndiye zonse zimene unganene pa nthawi wapatsidwayo n'zokwana masamba awiri basi. Komanso apresentação yotereyi sikhala yoti uonetse kuti unawerenga zambiri. Imakhala yoti mnzako wokhala kumbuyo kwenikweni atuluke m'kalasimo akudziwa chinthu chimene sankachidziwa, mpaka akathe kuchifotokoza kwawo.

Cahora Bassa, damu lopangira magetsi la pa mtsinje wa Zambezi, ndi nkhani yaikulu. Muli mbiri ya atsamunda, muli asodzi a kapenta, muli anthu amene anasamutsidwa madzi atasefukira m'midzi yawo. Zonsezi n'zofunika, koma ukazigwira pamodzi sumaliza ngakhale imodzi. Sankha funso limodzi. Ndikanakhala ine ndikanatenga ili: madzi a Zambezi amasanduka bwanji magetsi, nanga magetsiwo amapita kuti? Funso limeneli ulinene poyamba penipeni, chifukwa anthu akadziwa kumene ukuwatengera amakutsata mosavuta.

Kenako uwayendetse mmene madziwo amayendera. Damuli lili pafupi ndi Songo, pamene mtsinje umadutsa pampata wopapatiza pakati pa mapiri. Anayamba kulimanga mu 1969, nthawi ya Apwitikizi, ndipo madzi anayamba kudzaza kumapeto kwa 1974. Madziwo amatsika mwamphamvu m'mipope ikuluikulu n'kukazunguza makina 5 amene ali m'phanga lokumbidwa m'thanthwe, makinawo n'kupukusa majenereta. Lililonse limatulutsa megawati 415, onse pamodzi 2,075. Magetsi ambiri amayenda pa nthambo mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku siteshoni ya Apollo, kufupi ndi Johannesburg. Pa nkhondo ya m'ma 1980 nsanja zambiri zonyamula nthambozi zinagwetsedwa, ndipo magetsi anayambanso kuyenda bwino kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pa 27 November 2007 dziko la Mozambique linatenga gawo lalikulu la HCB (Hidroeléctrica de Cahora Bassa), kampani yoyendetsa damuli, m'manja mwa Portugal. Waona? Nkhani yako yonse ndi imeneyi, ndipo sinadzaze n'tsamba lomwe.

Pa manambala usamale. Khutu silisunga manambala ambiri, choncho usankhe atatu kapena anayi, ndipo lililonse ulipatse thupi. Ukanena kuti khoma la damu ndi lalitali mamita 171, anzako angogwedeza mutu osaona kanthu. Koma ukati, "Tengani bwalo la mpira, muliimike chilili, muonjezepo theka lina pamwamba, khomalo likadali lalitali kuposa pamenepo," udzaona maso akutukuka. Unenenso kumene wazitenga, mwachitsanzo kuti nambala iyi ndi ya HCB, chifukwa si zonse zoyenda pa Facebook zimene zili zoona.

Pali msampha umodzi umene ndikufuna uudziwe. Ukadzatchula za South Africa, mtima udzafuna kufunsa chifukwa chake midzi ina ya ku Tsangano kapena ku Macanga ikadali mumdima pamene magetsi akupangidwa m'chigawo chathu chomwechino. Funsoli ndi lachilungamo, inenso limandiwawa. Koma wapatsidwa ntchito yodziwitsa, osati yokopa anthu kuti akhale mbali yako. Fotokoza zimene zilipo: damuli analimanga kuyambira pachiyambi n'cholinga chogulitsa magetsi kunja, ndipo kufikitsa magetsi pamudzi kumafuna mapolo, nthambo ndi matransifoma, zomwe ndi ntchito inanso. Ukatero wawapatsa anzako zoganizira, mkangano adzauyambe okha panja.

Tsopano chimene ndikuchiona chachikulu pa zonse. Usanayese m'Chipwitikizi, kafotokozere amayi kapena agogo m'Chichewa, madzulo ntchito zikatha, ulibe pepala m'manja. Pamene adzakudule n'kufunsa kuti, "Nanga madziwo akazunguza makinawo amatha?" ndi pamene pali dzenje m'nkhani yako. Uwayankhe kuti ayi, amatuluka kunsi n'kupitiriza ulendo kudutsa mumzinda wa Tete mpaka kunyanja ya mchere, kenako yankho limenelo ukaliike mu apresentação. Chimene walephera kuchinena m'chilankhulo chakwanu ndiye kuti sunachimvetse, ndipo Chipwitikizi choloweza chimangobisa zimenezo mpaka tsiku limene waima kutsogolo. Usachite nazo manyazi. Pakati pa 1993 ndi 1997, pamene dziko lino linkayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, anayesera kuno ku Tete ndi Chinyanja, ku Gaza ndi Chichangana. Ukamvetsa m'Chichewa, mawu a Chipwitikizi amabwera ali ndi poponda.

Ukatha apo uyese m'Chipwitikizi mokweza mawu, uli chiimire, foni ikuwerenga nthawi. Kuyesa chamumtima sikuthandiza, lilime liyenera kuzolowera mawu ngati "hidroeléctrica" lisanakumane nawo pagulu. Ikapitirira mphindi 7 udule mfundo, usathamange.

Pa tsikulo utenge kapepala kakang'ono kokwana m'dzanja, kolembapo mitu yokha ndi manambala aja. Pa cartolina, chipepala chachikulu cholimba chija, ujambule chithunzi chimodzi ndi cholembera chakuda kwambiri: nyanja, khoma, mpope, makina, nthambo. Uloze ndi dzanja koma nkhope ikhale kwa anthu, usalankhule ndi bolodi. Mawondo adzanjenjemera ndithu, amanjenjemera kwa aliyense. Ponda pansi ndi mapazi onse, puma, upereke moni kwa aphunzitsi ndi anzako, ndipo ziganizo ziwiri zoyamba zokha ndi zimene ndikulola kuti uloweze. Ukaiwala pakati usapepese, yang'ana kapepala kaja, upite pa mfundo yotsatira. Palibe akudziwa zimene wadumpha.

Ikafika nthawi ya mafunso, ubwereze funso mokweza kuti onse alimve, zimakupatsanso mpata woganiza. Likakhala loti sukulidziwa, unene kuti ukafufuza ndipo udzabweretsa yankho pa phunziro lotsatira, kenako ukafufuzedi. Ukamaliza kukonza mitu ya pa kapepala kaja unditumizire pa imelo yomweyi, ndiione tsikulo lisanafike.