Bilidala walakwitsa nyumba yanga, ndimuchotse kapena ndimupirire?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchoka kwa mayi wina wa ku Machinjiri ndipo ndaona kuti ndiyankhire pano chifukwa nkhani yake ndi ya anthu ambiri mu Blantyre muno. Mwachidule akuti anaganiza zowonjezera nyumba yawo, zipinda ziwiri ndi bafa la mkati, komanso kukonza khitchini yakale. Bilidala wake ndi mkulu wina wa kutchalitchi kwawo, wachibale wa bambo akunyumba. Anagwirizana K3 miliyoni ya ntchito ya manja, zipangizo akugula okha, ndipo pano apereka kale K2.4 miliyoni. Koma mvula yoyamba itagwa denga likudontha pamene malata atsopano akumana ndi nyumba yakale, pamene khoma latsopano lalumikizana ndi lakale pachita mng'alu, ndipo m'bafa madzi m'malo mopita ku dzenje akuthamangira kukhomo. Akufunsa kuti: "Ndimuchotse ndipeze wina, ndipite kupolisi, kapena ndingokhala chete poti ndi wachibale?"

Mayi, pepani kaye. Ndikudziwa mmene mtima umawawira ukamaona ndalama yomwe unasunga ku banki mkhonde zaka zitatu ikudontha kudenga. Koma chinthu choyamba, lero lomwe musanachite china chilichonse, imitsani kulipira. K600,000 yatsalayo ndi mphamvu yokhayo imene muli nayo, mukangoipereka basi foni yake iyamba kumangolira osayankhidwa. Akabwera ndi nkhani ya maliro kumudzi kapena fizi ya mwana, mupepeseni bwinobwino ngati mkulu wa mpingo koma ndalama ya ntchito isatuluke. Ma kontrakitala akuluakulu amene amamanga masukulu ndi maofesi aja nawonso amawasungira kandalama kena, 5 kapena 10 peresenti, mpaka patapita miyezi ingapo nyumba itaoneka kuti ilibe vuto, ndiye inu musadzione ngati wankhanza ayi, ndi mmene ntchito yomanga imayendera.

Kenako musaphatikize zolakwika zonse mu dengu limodzi chifukwa sizofanana. Pali zina zongonyansa m'maso, pali zina zoononga nyumba pang'onopang'ono, ndiye pali zina zoti zitha kugwetsera ana khoma. Mng'alu uja ndi umene ndikufuna tikhalepo nthawi.

Nyumba yakale inakhazikika kalekale, nthaka ya pansi pake inatsindirika. Chipinda chatsopano chili pa fawundeshoni yatsopano ndipo chimayenera kutsika pang'ono m'miyezi yoyambirira, nde pamene ziwirizi zakumana pamakonda kutuluka kamzere. Bilidala wodziwa ntchito amachotsa njerwa zina pakhoma lakale kuti zatsopano zilowe ngati mano, kapena amaboola nkulowetsa tizitsulo ndi waya wa brickforce, kapena amasiya dala mpata woongoka nkuutseka ndi zinthu zofewa kuti makoma aziyenda osaswana. Waulesi amangogundanitsa khoma ndi khoma nkuphimba ndi pulasitala. Ngati mng'alu wanu ndi woongoka kuchoka pamwamba kufika pansi, wopyapyala ngati ulusi, kawirikawiri ndi zimenezi ndipo zimakonzeka osagwetsa kanthu. Koma ukakhala wopendekeka, ukutsata mizere ya njerwa ngati masitepe, kumwamba wotakata kuposa pansi, wopitirira mamilimita 5 moti pensulo ikutsala pang'ono kulowa, zitseko zayamba kukanika kutseka, pamenepo vuto lili pansi, ndipo ana asagonemo kaye.

Pali kanthu kophweka koti muchite nokha mawa m'mawa. Tengani simenti pang'ono kapena filler, matani kachigamba kopyapyala kodutsa pa mng'aluwo malo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi, lembani tsiku ndi pensulo pambali pake, jambulani ndi foni mutaika rula. Pakatha masabata awiri kapena atatu mvula ikugwa pitani mukaone. Chigamba chikakhala chosasweka ndiye kuti khoma laima. Chikasweka ndiye kuti likuyendabe, itanani injiniya, osati bilidala wina wongodutsa ayi, injiniya weniweni, mumulipire ya tsiku limodzi akumbe pambali aone kuya kwa fawundeshoni ndi ngati pamwamba pa mawindo anathira ring beam yolumikiza makoma onse. Ife a mu Blantyre sitiyenera kuuzidwa kawiri za nthaka ndi madzi, tinaona ndi maso mu Malichi 2023 zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche. Zoona kumene kuja kunali matope ndi miyala yotsika m'phiri imene nyumba iliyonse sikanapirira, koma m'madera ena ambiri makoma anagwa chifukwa chongonyowa masiku angapo motsatizana, fawundeshoni yosaya ndi njerwa zomangira dothi. Machinjiri yambiri ndi yotsetsereka, madzi amafuna njira.

Ine zinandionekerapo ku Chilomoni pamene timawonjezera chipinda cha anyamata. Amene amatimangira anaiwala, kaya anangonyozera, kuyala pulasitiki yakuda ija ya DPC, yotchinga chinyezi kuti chisakwere khoma, pamwamba pa fawundeshoni asanayambe khoma. Ine nthawi imeneyo ndimachoka m'mawa kubwera usiku, ndimangoona khoma likukwera nkumasangalala. Chaka chisanathe penti ya m'munsi inayamba kutupa ngati matuza, ukakhudza ndi chala imayoyoka ngati ufa, kuseri kwa bedi kunachita nkhungu yakuda ndipo mwana wanga wamng'ono amakhosomola usiku uliwonse nthawi ya chiperoni. Mpukutu wa pulasitikiwo tinaupeza uli mu sitolo osatsegula nkomwe. Chinandiwawa kwambiri nchoti ndinali nditamaliza kulipira zonse, ndipo kukonza kwake kunali kogumula mzere wa njerwa pang'onopang'ono, mita imodzi lero ina mawa, ndi ndalama zanga. Ndiye mukamuitana injiniya uja mumuuze aonenso zimenezi, ndipo inu tengani msomali mukande pakati pa njerwa, matope ake akamangoyoyoka ngati mchenga dziwani kuti simenti inachepa. Werengani matumba amene munagula, thumba limodzi ndi makilogalamu 50, muone ngati akugwirizana ndi ntchito imene yaoneka. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 simenti inasanduka ngati golide, ndipo thumba losowa pa saiti si nkhani yachilendo, komabe musamunene munthu kuti ndi wakuba musanawerenge.

Za denga ndi zachangu koma sizovuta kwenikweni. Pamene malata agunda khoma lakale pamafunika flashing, lata lopindidwa lolowa mu khoma ataboola kamzere nkutsekanso, osati kungomata simenti pamwamba pa malata monga ambiri amachitira, simenti ndi lata sizigwirizana, dzuwa la Okutobala likawomba lata limafutukuka simenti nkusweka. Auzeni akwere muli pompo, aonenso ngati misomali anakhoma pa msana wa lata osati mu ngalande yake. Izi zisadikire kuti mkangano uthe chifukwa madzi akalowa mu siling'i ndi mu mawaya a magetsi ndalama yake ichulukirachulukira.

Bafa lija palibe njira yachidule, matailosi achoke, pansi apangenso kuti patsetserekere ku dzenje. Asakunamizeni kuti aika kakhoma pakhomo kotchinga madzi. Ndipo asanaikenso matailosi thirani ndowa yathunthu ya madzi inu muli chiimire, muone kumene akupita. Matailosi osweka pochotsa ndi simenti yatsopano, amene analakwitsa ndi amene ayenera kusenza, ichoke pa K600,000 ija.

Tsopano za kumuchotsa. Maganizo anga ndi oti mumupatse mpata umodzi wokonza, umodzi wokha, koma wolembedwa. Chifukwa chake bilidala watsopano akabwera pa ntchito ya mnzake amayamba ndi kunyoza zonse, amatchaja ngati akuyamba pachiyambi, ndipo mawa khoma likang'aluka aliyense azidzaloza mnzake, inu nkukhala pakati. Ndiye konzani tsiku, bambo akunyumba akhalepo chifukwa ndi m'bale wawo ndipo asakusiyireni nokha kuti muoneke ngati inu ndi amene mukudana ndi akuchimuna, itananinso munthu mmodzi amene bilidalayo amamulemekeza, kaya mkulu wina wa mpingo kaya a block leader. Musakambirane pa saiti anyamata ake akumva, munthu wamkulu ukamuchititsa manyazi pamaso pa omuthandiza amauma khosi ngakhale akudziwa kuti walakwa. Yendani naye kaye awiri atatu, mumuonetse ndi ndowa ija, nkubwerera kukakhala pansi. Mawu ake ndi ofatsa basi: "Bambo, ntchito yambiri mwagwira bwino ndipo tikuthokoza, koma malo atatu awa sitingalandire, tiuzeni muwakonza bwanji komanso pofika liti." Zimene mwagwirizana zilembedwe pa pepala, chilichonse ndi tsiku lake ndi ndalama imene idzatuluke chikatha, asayine onse ndi mboni yomwe, mujambule mumutumizire pa WhatsApp. Kuyambira pano ndalama iliyonse idutse pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni. Anthu amati chibale ndi fupa sichiola, eya, koma ine ndaona mabanja atasiya kuyenderana chifukwa cha ndalama zopatsana pamanja popanda cholemba, wina akuti ndinapereka wina akuti sindinalandire.

Akakana kubwera, kapena tsiku likadutsa osaoneka, mulembereni uthenga womveka kuti pofika tsiku lakuti mukapanda kubwera tipeza wina ndipo ndalama yotsala ipita kwa iyeyo. Jambulani chilichonse wina asanagwirepo. Kupolisi nkovuta kuti akuthandizeni pa ntchito yosagwirika bwino chifukwa si mlandu waupandu, pokhapokha ngati muli ndi umboni woti zipangizo zabedwa, apo ayi njira yake ndi khoti la majisitireti, ndipo kumeneko chimene chimayankhula ndi mapepala, zithunzi ndi lipoti la injiniya lija. Ngati munthuyo ali ndi kampani yolembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga m'dziko muno, mutha kukadandaulanso kumeneko, ngakhale mabilidala ambiri a m'makwalalamu sanalembetse kulikonse.

Chinthu china chimene simunatchule mu imelo yanu ndi pulani. Kuwonjezera zipinda mu mzinda muno kumafuna chilolezo cha khonsolo ya Blantyre, ku Civic Centre kuja, ndipo kupatula za lamulo, pulani yojambulidwa ndi imene imathetsa mkangano wa "simunandiuze choncho". Ngati munangoloza ndi dzanja kuti chipinda chifike apa, vomerezani mbali imeneyo pokambirana, zimathandiza kuti nayenso avomere yake, koma denga lodontha ndi bafa lobweza madzi sizifuna pulani kuti munthu adziwe kuti nzolakwika.

Pamene akukonza, pakhale munthu wanu pa saiti tsiku lililonse, ngakhale mchemwali wanu wongokhala pampando ndi foni, makamaka tsiku lothira konkire. Konkire yatsopano izithiriridwa madzi masiku 7 osadumphitsa, ndipo mphamvu zake zonse zimakwana pakatha masiku 28, ndiye asakuthamangitseni kuchotsa matabwa nkusenzetsa katundu pamwamba chifukwa choti akufuna alandire msanga. Mukamata zigamba zija mundilemberenso pakatha masabata atatu, munditumizire ndi zithunzi zake ndione mmene mng'aluwo ukuyendera.